Mwana wandifunsa ngati Mulungu anayeserapo kaye kulenga kwina

Dalo Kabaza: Magetsi apita kuno ku Matawale kuyambira 6 koloko, nde ndakhala panja kuthawa kutentha, kumwamba nyenyezi zokhazokha, mlalang'amba ukuchita kuoneka ngati wina wataya ufa kuchokera pa phiri mpaka cha ku Chilwa uko. Ndiye mwana wanga wa sitandade 6 uja wandiponyera funso, akuti adadi, Mulungu asanalenge dziko lino anayeserapo kaye ena? Akuti ngati mmene amayi amayambira kuponya chitumbuwa chimodzi kuti aone ngati mafuta apsa. Ndamuuza akagone. Koma ine tulo tabalalika kkkk. Aphunzitsi muli maso?

Nachisale wa Mandasi: kkkkk mwana ameneyo mundipatse ine, ali ndi mutu wa bizinesi

JK Mpondabwino: Zayambika. Magetsi akangozima gulu lino limasanduka tchalitchi

Aphunzitsi Gama: Ndili maso a Dalo, ndikuchonga mapepala ndi tochi ya foni. Mwanayo musamukalipire, funso lakelo Einstein analifunsanso atakula kale. Ananena kuti chimene amafunitsitsa kudziwa ndi chakuti kodi Mulungu anali ndi mwayi wosankha polenga dziko, kapena panali njira imodzi yokha yolengera. Mpaka pano palibe wayankha zogwira mtima.

Dalo Kabaza: Nde maiko enawo ndi ati, ngati ku Joni?

Aphunzitsi Gama: Ayi achimwene, Joni ndi konkuno. Mwezi, dzuwa, nyenyezi zonse mukuonazo ndi zina zomwe maso sangafike, zonsezo ndi chilengedwe chimodzi, chinayamba kufutukuka zaka pafupifupi 13.8 biliyoni zapitazo. Funso ndi loti pangakhale china chosiyana nacho, chokhala ndi malamulo akeake. Tingoti zilengedwe, olo mawuwo akulemera mkamwa.

Tamanda wa ku Chirunga: Ine ndilowererepo, iyi ndi kosi yomwe inandisowetsa mtendere semesita yatha. Mafunso ndi awiri ndipo anthu amawasakaniza. Loyamba, kodi chilengedwe china NCHOTHEKA. Lachiwiri, kodi CHILIPO. Mwachitsanzo nkotheka kuti ine ndikanabadwira ku Karonga, koma sindinabadwireko. Nde funso lopweteka mutu ndi ili, Tamanda wa ku Karonga uja ali kuti? Ndi mawu chabe kapena ndi chinthu? Kuli mkulu wina wa ku America, David Lewis, mu 1986 anatulutsa buku lonse kunena kuti dziko lililonse lotheka liliko ndithu, lenileni ngati lathu lino, kungoti sitingapiteko, ndipo mawu oti lenileni amangotanthauza komwe iwe wolankhulawe uli, ngati mmene mawu oti kuno amagwirira ntchito. Wa ku Songani akati kuno ndi wa ku Thondwe akati kuno onse akunena zoona.

JK Mpondabwino: Nde kuli dziko lina komwe ine ngongole ya banki mkhonde ndinabweza kale? Mundilozere njira chemwali

Nachisale wa Mandasi: Olo kumeneko simunabweze inu kkkk

Bambo Katekisiti: Mwaswera bwanji nonse. Ndimangowerenga koma apa ndiyankhepo. A Dalo, mwana akafunsa kuti asanalenge ankatani, mumuuze kuti Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo, komwe pano ndi ku Algeria, mwana wa mu Africa mommuno, analimbana nalo funsoli. Analemba kuti wina anayankhapo mwanthabwala kuti ankakonza gehena ya anthu ofunsa zoterezi, koma iye anakana kuyankha choncho, anati kuseka wofunsa si kuyankha. Yankho lake linali loti nthawi nayo ndi cholengedwa. Kunalibe dzulo loti Mulungu akhalemo akudikira. Ndiye mawu oti asanalenge akutisocheretsa, chifukwa akufuna wotchi pomwe wotchi kulibe.

Aphunzitsi Gama: Ndipo apa bambo mukugwirizana ndi physics mosadziwa. Amene anayamba kunena kuti thambo likufutukuka kuchokera pa chiyambi chothinana anali wansembe wa Katolika wa ku Belgium, Georges Lemaître, 1927 kenako 1931. Dzina loti Big Bang analipereka ndi Fred Hoyle pa wailesi ya BBC mu 1949, chonsecho iyeyo sankagwirizana nazo. Umboni waukulu unabwera cha mu 1965 pamene Penzias ndi Wilson anapeza kaphokoso kochokera mbali zonse za thambo, anaganiza kuti mwina ndi zitosi za nkhunda pa mlongoti wawo, anapukuta koma kaphokosoko osachoka. Kanali kutentha kotsalira kwa chiyambi chija. Mukukumbukira ma TV akale aja tikasowa tchanelo ankangoonetsa mchenga? Kachigawo kochepa ka mchenga umenewo kanali komweko.

Dalo Kabaza: Iiii nde tinkaonera chiyambi cha dziko tikudikira mpira osadziwa

Che Wadi Telala: Salaam abale. Ine sukulu sindinapite patali koma ku madrasa tinaphunzira kuti mu Fatiha, yomwe timawerenga pa swala iliyonse, timati Rabbil alamin, Mbuye wa zolengedwa zonse, ndipo liwulo ndi lochulukitsa, maiko osati dziko. Sheikh wina wakale, al-Razi, pomasulira mawu amenewa ananena kuti palibe choletsa Mulungu kulenga maiko zikwi ndi zikwi kunja kwa lino. Ndipo al-Ghazali, anamwalira 1111, ankatsutsana ndi anthu anzeru omwe ankati dziko linatuluka mwa Mulungu mokakamizika ngati kuwala kutuluka mu dzuwa. Iye anati ayi, anasankha. Anapereka chitsanzo cha munthu wanjala amene wapatsidwa zipatso ziwiri za tende zofanana ndendende, sangafe ndi njala chifukwa chosowa chifukwa chosankhira iyi kusiya iyo, angotola imodzi basi. Kufuna ndi kumeneko. Ine pa shopu kasitomala amabweretsa nsalu imodzi, ndingasoke diresi, ndingasoke shati, nsaluyo sindiuza chochita.

Tamanda wa ku Chirunga: Che Wadi chitsanzo chanu chandikoma koma chili ndi mbuna. Inu nsalu amakubweretserani, ndipo ikakhala mamita awiri simungasoke suti ya munthu wamkulu. Nsalu imakuletsani zina. Nde wolenga kuchokera popanda kanthu, chimamuletsa nchiyani? Angalenge dziko lomwe 2 kuphatikiza 2 ndi 5? Ngati sangathe, ndiye kuti masamu analipo kale iye asanayambe, anawapeza ngati nsalu. Ngati angathe, ndiye kukambirana kwathu konse kwatha chifukwa palibenso chomwe tinganene kuti nzosatheka.

Bambo Katekisiti: Mwana wanga, 2 kuphatikiza 2 kukhala 5 si chinthu chomwe Mulungu akulephera, ndi phokoso chabe lopanda tanthauzo. Thomas Aquinas anatero, kuti ndi bwino kunena kuti zoterozo sizingachitike kusiyana ndi kunena kuti Mulungu sangazichite. Koma za maiko ambiri Mpingo sunatseke khomo, mu 1277 episkopi wa ku Paris, Tempier, analetsa ziphunzitso 219, ndipo chimodzi mwa zoletsedwazo chinali chonena kuti Mulungu sangalenge maiko oposa limodzi.

JK Mpondabwino: Nanga Giordano Bruno munamuwotcheranji ku Rome mu 1600 bambo? Si ankanena zomwezi zoti maiko ndi osawerengeka?

Bambo Katekisiti: Milandu yake inali yambiri, ina yokhudza Utatu Woyera ndi zina za chikhulupiriro, koma sindiikira kumbuyo kuwotcha munthu a JK. Chinali choipa.

JK Mpondabwino: Chabwino apo mwayankha ngati munthu wamkulu

Aphunzitsi Gama: Ndibwerere ku chitumbuwa cha mwana uja chifukwa chimene chimapangitsa asayansi kuyamba kulota za zilengedwe zambiri ndi ichi. Chilengedwe chathu chili ndi manambala ena omwe timangowayeza, sitidziwa chifukwa chake ali choncho. Ndipereke atatu. Mkati mwa atomu muli tizidutswa totchedwa neutron ndi proton. Neutron imalemera kuposa proton pang'ono kwambiri, ngati gawo limodzi pa magawo 700. Chifukwa cha kakusiyana kameneko neutron ikakhala payokha imasweka pakatha mphindi pafupifupi 15, koma proton imakhala. Zikanatembenuka, proton ndiyo ikanamasweka, hydrogen yemwe amapanga madzi kulibe, madzi kulibe, mtsinje wa Mulunguzi kulibe, tiyi kulibe. Chachiwiri, tili ndi mbali zitatu, mlitali, mlifupi ndi msinkhu. Paul Ehrenfest mu 1917 anaonetsa kuti zikanakhala zinayi, dziko silikanazungulira dzuwa mokhazikika, kungoligwedeza pang'ono likanagwera mu dzuwa kapena kuthawiratu. Chachitatu ndi carbon yemwe wadzaza mthupi mwathu ndi mmakala omwe a Nachisale akolezere mmawa. Amapangidwa mkati mwa nyenyezi pophatikiza ma helium atatu, ndipo Hoyle yemwe uja mu 1953 anati kuti zimenezi zitheke mokwanira payenera kukhala mlingo wina wake wa mphamvu mu carbon, anthu anakayeza nkuupezadi. Nde anthu amati, zonsezi kungokhala ndendende chonchi, mwangozi?

Bambo Katekisiti: Ndi zomwe timanena tsiku ndi tsiku aphunzitsi, pali dzanja

Aphunzitsi Gama: Ena amatero bambo. Ena amati ayi, zilengedwe nzambirimbiri, chilichonse ndi manambala ake, zambiri nzakufa zopanda olo nyenyezi, ndipo ife tapezeka mu chomwe chimalola moyo chifukwa kwinako kulibe woti adabwe. Brandon Carter anazitchula anthropic principle mu 1973. Ndipo pali njira zomwe akuganiza kuti zingabadwire, Alan Guth ndi Andrei Linde ndi nkhani yawo ya kufutukuka kothamanga koyambirira komwe mwina sikuima konse, kumangophukira timathovu ngati thobwa likuwira, thovu lililonse chilengedwe. Lee Smolin iye anati mwina black hole iliyonse, dzenje la mu thambo lomwe limameza olo kuwala, imabereka chilengedwe chatsopano chosiyana pang'ono ndi make. Koma ndinene mosabisa, palibe chimodzi mwa izi chomwe chaonedwa. Ndi masamu ndi maganizo.

Ankolo a ku Kachulu: Ndadzuka ndi kulira kwa foni, mameseji 40 kkk. Izi za Carter ine ndazimva bwino kuposa zonse chifukwa ndinaziona ndi maso. Chilwa inauma 1995, inaumanso 2018, akuluakulu amakamba za 1968. Chaka cha 2018 chija tinkayenda wapansi pomwe tinkapalasa bwato, matope ong'ambika, mabwato atagona chammbali ngati ng'ombe zodwala, fungo la nsomba zakufa. Koma mmathamanda a mmitsinje yolowa mnyanja, Likangala, Domasi ndi kwina, munatsala milamba ndi timatemba, mvula itabwera ndi zomwezo zinadzazanso nyanja. Nde tayerekezani mlamba uli mu thamanda limenelo ukuuza anzake kuti taonani thamanda lathu, kuya kwake ndendende, mthunzi wa bango ndendende, wina anatikonzera. Sukudziwa kuti mathamanda ena mahandiredi anauma ndipo munalibe wotsala woti afotokoze. Wolankhula amakhala wopulumuka nthawi zonse.

Tamanda wa ku Chirunga: Ankolo mwaiphula, koma taonani pomwe pali vuto. Inuyo mathamanda oumawo MUNAWAONA. Munayenda pamatopepo. Nchifukwa chake nkhani yanu ikugwira. Koma zilengedwe zakufazo wazionapo ndani? Tikuzitchula kuti zitithandize kuthawa funso basi. Wa dzanja la Mulungu akuonjezera mmodzi wosaoneka, wa multiverse, zilengedwe zambirimbiri zija, akuonjezera mabiliyoni osaoneka, nde wina nkumati wachiwiriyu ndiye wasayansi?

Aphunzitsi Gama: Pang'ono chemwali. Kusiyana kulipo, mathovuwo sanawapeke kuti athawe funso, anatuluka okha mmasamu omwe anapangidwira kufotokoza zina, monga chifukwa chomwe kutentha kotsalira kuja kuli kofanana mbali zonse. Koma ndikuvomera kuti pomwe sitingayeze, tayamba kulowa mmunda mwanu a filosofi.

Nachisale wa Mandasi: Ine ndifunse zanga za kumsika. Aphunzitsi mwati manambalawo akanasintha pang'ono zinthu zikanaonongeka. Ine ndimadziwa kuti yisiti akachuluka mandasi amanunkha mowa, shuga akachuluka amada kunja mkati musanapse, madzi akachuluka amamwa mafuta mpaka phindu lonse kuthera mchiwaya. Koma ndimadziwa chifukwa ndakazinga zaka 14, ndataya mitanda yambiri, ndalirapo. Nde inuyo chilengedwe mwakazingapo kangati? Muli nacho chimodzi chomwechi, simunaone china, mukudziwa bwanji kuti neutron yanuyo imatheka kuchepetsa ngati shuga? Mwina ili ngati bowo la pa sefa, linabwera choncho. Kapena mwina ukasuntha ichi china chimasunthanso chokha nkukonza, ngati mmene ufa ukachuluka ndimangothira madzi mtanda nkubwerera mwakale.

Aphunzitsi Gama: Mayi, ndaika cholembera pansi. Funso limenelo ndi lomwe lili pakati penipeni ndipo yankho loona ndi loti sitikudziwa. Pa pepala nambala iliyonse ndingaisinthe, ndingolemba ina. Koma kuti chilengedwe chenicheni chili ndi kabatani kosinthira, palibe watsimikiza. Ndipo mfundo yanu yachiwiri asayansi ena anaiyesadi, kusintha manambala angapo nthawi imodzi mmalo mwa imodzi, ndipo nthawi zina kumapezeka kuti nyenyezi zikhozabe kuyaka. Vuto lina, kuti unene kuti chinthu nchodabwitsa umayenera kudziwa kuti mwayi wake unali umodzi pa zingati. Ndi chiwaya chimodzi sungawerenge.

JK Mpondabwino: Mayi a mandasi agwetsa dipatimenti yonse ya physics kkkkkk

Che Wadi Telala: Koma mayi olo zitakhala kuti njira inali imodzi yokha, funso silinathe. Bawo ili ndi maenje 32 ndi timiyala 64, malamulo ake ndi omwewo kuyambira makolo, koma malamulo sasewera okha. Bawo ikhoza kukhala pansi pa mtengo wa mango chaka chonse popanda woigwira. Ndani anakhala pansi nkuyamba kutakata?

Tamanda wa ku Chirunga: Limenelo ndi funso la Leibniz, wa filosofi wa ku Germany, 1714, bwanji pali kanthu mmalo mopanda kanthu. Iyeyo ankati Mulungu anaona maiko onse otheka mmaganizo mwake nkusankha labwino koposa, lomwe ndi lino. Ndiye mwana wa a Dalo akanamuyankha kuti kuyesera kunachitika koma mmutu, osati mchiwaya.

JK Mpondabwino: Labwino koposa? Apa nde nthabwala ndasiya. March 2023 Freddy atadutsa ndinapita kwa achemwali anga ku Jali, nyumba inagwa usiku, tinkafukula mbale ndi mabulangete mmatope, mbuzi zitapita, chimanga chitagona chonse, mwana wawo wamng'ono anakhala sabata osalankhula. Munthu adzandiuze pamenepo kuti mwa maiko onse otheka ili ndiye nambala wani? Olo ine wosaphunzira ndikhoza kuganiza lina lofanana ndi lino koma lopanda usiku umene uja.

Tamanda wa ku Chirunga: Pepani achimwene. Ndipo simuli nokha, chivomerezi chitagwetsa mzinda wa Lisbon ku Portugal pa 1 November 1755, tsiku la Oyera Onse anthu ali mmatchalitchi, mlembi wa ku France Voltaire anamuseka Leibniz kwambiri chifukwa cha mawu omwewa. Omuikira kumbuyo amati simungachotse usiku umodzi osagwedeza zonse, mphepo yomwe inabweretsa Freddy ndi malamulo omwewo obweretsa mvula ya dzinja, nyanja yotentha, nthunzi, dziko lozungulira. Koma ine pandekha yankho limeneli limandikhutitsa mkalasi mokha, pamaliro sindingalinene.

Bambo Katekisiti: Inenso sindingalinene a JK. Yobu anafunsa ndipo sanapatsidwe chifukwa, anangofunsidwa kuti unali kuti muja ndinkaika maziko a dziko. Ena amati ndi kuzemba, ine ndimati ndi kuvomereza kuti tikuona kachidutswa.

Ankolo a ku Kachulu: Agogo anga ankatiuza za Kaphirintiwa ku Dzalanyama, kuti poyamba dziko linali louma lopanda moyo, Chauta anagwetsa mvula, mwamuna ndi mkazi anatsika atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, mapazi awo nkudinda pathanthwe lidakali lofewa. Mwaona, mu nkhani yathu dziko analipeza lilipo kale, ndipo zida anabwera nazo. Makolo sankavutika ndi zoti kunalibe kanthu. Chomwe ankafuna kufotokoza ndi pomwe zinasokonekera, munthu atapeka moto tchire nkuyaka, nyama nkuthawa, Chauta nkukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Mwina funso la JK ndi lakale kwathu kuno kuposa la Leibniz.

Dalo Kabaza: Nanga zija amanena anyamata pa siteji zoti tonse tili mu gemu ya pa kompyuta?

Aphunzitsi Gama: Zimenezo anazilembapo wa filosofi wina, Nick Bostrom, mu 2003. Koma zimangokankhira funso chipinda china, kompyutayo ili mu chilengedwe chiti, anachilenga ndani

JK Mpondabwino: Ngati ndi gemu woseweretsayo bandulo yamuthera, Mpondabwino yense mdima

Dalo Kabaza: Foni ili pa 4 pelesenti abale. Nde mmawa mwanayu ndimuuza chani, anayesera kapena sanayesere?

Bambo Katekisiti: Mumuuze kuti Mulungu sayesera chifukwa salakwitsa

Aphunzitsi Gama: Mumuuze kuti sitikudziwa, ndipo alimbikire masamu, mwina adzatiuza ndi iyeyo

Nachisale wa Mandasi: Ine ndimadzuka 3 koloko ndikagone. Koma a Dalo mumufunse mwanayo kuti loyesera lija amayi ake amalitani. Kwanga likapserera ndimapatsa galu, likakhala laliwisi mkati ndimadya ndekha ndi tiyi, koma masiku ambiri limapsa bwinobwino nde ndimangoliponya mubeseni limodzi ndi anzake, amene waligula pa depoti sadziwa kuti lake linali loyesera

Che Wadi Telala: Mayi inu mutigonetsa ndi maganizo

Dalo Kabaza: Mundisungire anayi ndidutsa cha mma 6 ndikamapita ku Chinamwali, osati loyeseralo